Pusi wa Lachisanu ndi jagi ya sangria

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwezi wa ngoziyo sanautchule, koma ine ndimakhulupirira kuti unali Novembala, kumathero a malimwe, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo ndipo mvula ikungolonjeza osabwera. Ndi nthawi imene mabeseni a mango amandandalikana mu msewu wa ku Monkey Bay, pa Nkope mavwende ndi mapapaya nawonso ali mbwee.

Pusi wamakono sakwera mumtengo. Amatulukira pa galimoto Lachisanu madzulo kuchokera ku Blantyre, foni itamuonetsa chakumwa chotchedwa sangria. Kwawo kwa chakumwachi ndi ku Spain ndi ku Portugal: vinyo, zipatso zoduladula, kashuga ndi kadontho ka brandy. Anthu a ku America anachizolowera pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1964, ndipo mu 2014 bungwe la European Union linalamula kuti botolo logulitsidwa ndi dzina loti sangria palokha lizichokera m'mayiko awiriwo basi. Lamulolo silifika pakhonde la kanyumba ka kunyanja, choncho mnzathuyo ali ndi ufulu wonse wolakwitsa.

Kapangidwe kake nkosavuta, ndipo apa mpamene pagona msampha. Pamafunika botolo limodzi la vinyo woyera wosatsekemera, monga Chenin Blanc wa ku South Africa, mango awiri a maboloma akupsa koma olimbirako, kachigawo ka chinanazi cha ku Mulanje, ndimu limodzi, masupuni awiri a shuga ndi kadontho ka brandy kapena Malawi Gin. Zikhale mu firiji maola atatu kapena anayi kuti zipatso ndi vinyo zidziwane. Soda amathiridwa pomaliza, alendo atakhala kale pansi, apo ayi thovu lonse limathawa.

Koma munthu amene wadutsa pamsika wa pa Nkope ali ndi ndalama m'thumba salekera pamenepo. Vwende likumuitana, aliponyamo, vinyo nkusanduka madzi. Papaya lapsa bwino, nalonso lilowe, nkusungunuka. Nthochi zida bii. Timango takumudzi tija tokoma kuposa onse tisiya ulusi woti alendo azivungula mpaka Lolemba. Kenako akumbukira kuti Mangochi ndi dziko la malambe, ndipo kubwerera osawalawa nkuchimwira boma lonse. Ufa wa malambe ukangolowa, zomwe zili mu jagi zimafuna chipande, osati tambula. Uku ndiye kugwa koyamba, munthu asanamweko ndi dontho lomwe.

(Za madzi oundana ndinenepo pang'ono. Magetsi akathima, pamapezeka wachifundo wobwereketsa bokosi loziziritsira. Yambani mwalinunkhiza. Ngati dzulo linanyamula chambo, sangria yanu idzafuna nsima.)

Kugwa kwachiwiri kumachitikira ngakhale amene atsatira malangizo onse. Zakumwa zathu zakale zinali ndi ulemu wochenjeza. Uchema wa mgwalangwa ukagonera umawawasa, kukuuza kuti wakula mphamvu. Kachasu amawotcha pakhosi, munthu nkudziwa chimene wayamba. Ngakhale Green, amene wakhala akufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, ali ndi kakuwawa kokumbutsa kuti mkamwa mwalowa mowa. Sangria sachenjeza munthu. Imabwera yozizira, yonunkhira mango, yooneka ngati chakumwa cha pa phwando la ana, chikhalirecho vinyo yekha ali ndi ukali wa 12 peresenti kapena kuposerapo, pomwe mowa wa m'botolo uli cha m'ma 5. Onjezanipo jini uja, ludzu la kunyanja, ndi mpando wa pulasitiki womwe miyendo yake yakumbuyo ikumira mumchenga pang'onopang'ono mwiniwake akulongosola za kugwa kwa kwacha. Zotsalazo mukuzidziwa.

Mwininyumba wanzeru amakonza jagi yachiwiri yopanda mowa, pakuti ku Mangochi anansi ambiri ndi Asilamu, ndipo ena ndi oyendetsa galimoto. M'menemo ndiye malo a malambe, osefa bwino, ndi chinanazi ndi soda. Majagi awiriwo asafanane mtundu, ndipo asayandikane.

Chinanso choyenera kulondera ndi zipatso zotsalira pansi pa jagi yoyamba ija. Zakhala mu vinyo ndi jini masana onse, zamwa zakhuta. Ana asazikhudze. Koma amene amazipeza kawirikawiri ndi azakhali aja osalawa mowa chibadwire, amene amati, "Iyayi mwanawe, ine zimenezo ayi, ungondipatsako timangoto." Mukawapatsa mbale yoyamba apempha yachiwiri. Pofika nthawi imene asodzi a usipa akuyatsa nyali zawo panyanja, azakhali ayambitsa nyimbo ya kwaya, aimba ndime zake zonse, nkuwonjezerapo ziwiri zawozawo zonena za amalume.