Maso a Nkhono ndi Matenda a Shuga

Akuluakulu amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha ayenera kuti anali anthu athanzi. Wathanzi amadekha mwa kufuna kwake: akhala pa chitsa, ayang'ana nkhono, akatopa anyamuka. Ife a shuga ndi BP kudekhako anatipatsira pamodzi ndi khadi la kuchipatala, osatifunsa ngati nkhonoyo tikuifuna.

Kuno ku Angónia chisanu cha mu June chimatsika m'phiri la Dómuè n'kukakhazikika m'mawondo. Anzanga ali kalikiliki kukweza matumba a mbatatesi opita ku Tete, ine ndili pa benchi kuchipatala ku Ulónguè, m'mimba muli gwaa chifukwa magazi amayeza munthu asanadye. Facebook imadya ndalama, batire imatha dzina lako lisanaitanidwe. Chotsala ndi buku.

Ndiye ndinatola Os Lusíadas ya Luís de Camões, ya mu 1572, ndime 1,102. Ophunzira onse amaitama, koma afunseni zam'kati mwake muone, nkhani imakhotera ku mtengo wa feteleza. Bukuli limafuna munthu amene alibe kothawira, ndipo ndine ameneyo. Tsamba limodzi m'mawa, lina mankhwala akakhazikika, lina ndimalibwereza poti ndinagona Vasco da Gama asanafike ku Melinde. Camões mwiniwake ndi mnzathu wa pa benchi. Diso limodzi analisiya ku Ceuta, kenaka umphawi unamutsekereza pa Ilha de Moçambique mpaka anzake kumusonkhera ndalama yobwerera ku Lisboa. Iye analemba ndi diso limodzi, ine shuga wandisiyira awiri osweka, ndiye palibe woseka mnzake.

Chimene ndimalikondera buku n'chakuti likabwera kudzazonda silinyamula mankhwala. Azakhali akafika, asanakhale n'komwe pa mphasa, ayamba: "Mwana wanga, chammwamba chija ukumwa? Nanga masamba a mapeyala? Kapenatu pali dzanja la munthu apa." Camões sananditumeko kwa sing'anga.

Chipwitikizi chikandilemera ndimatsegula Nthondo, buku limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anapambana nalo mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, lotuluka mu 1933. Ntara amamutsata munthu wake kuyambira kubadwa, kuba kwa paunyamata, ulendo wokafuna ntchito kutali, ufumu, mpaka kumanda. Koma langali linadutsa m'manja mwa achimwene, mlimi wa fodya, ndipo masamba omalizira anapita ndi chingambwe. Kwathu kuno Nthondo akadali moyo, akuweruza milandu. Mwana wa achemwali akuti akandijambulira masamba osowawo ku Dedza. Ndamuuza kuti ndalama yojambulirayo andigulire batire ya kamakina koyezera shuga.