Ulemu kwa a Utsi a pa Phalombe Boma

Tikuoneni a Utsi, inu nokha pa Phalombe Boma amene a ku Ulaya amakuzondani tsiku ndi tsiku. Phungu timamuona bwinobwino kamodzi pa zaka zisanu, koma inu muli ndi mlendo wosajomba: setilaiti ya Sentinel-5P, imene bungwe la European Space Agency linaitumiza kumwamba pa 13 October 2017, itanyamula chida cha TROPOMI cha akatswiri a ku Netherlands.

Mitu inawawa pokonza njira ya mlendoyu. Anamuika makilomita 824 kuchokera pansi, njira yake n'kuipendeketsa madigiri pafupifupi 99 kuti azidutsa chakufupi ndi nsonga zonse ziwiri za dziko. Kupendekekako kumachititsa kuti njirayo izitembenuka pang'onopang'ono, kamodzi pachaka, motsatana ndi dzuwa. Motero amazungulira dziko ka 14 patsiku, koma kuno amafika cha m'ma 1 koloko masana, nsima itangotsikira m'mimba. Mphuno alibe. Amayeza kuwala kwa dzuwa kobwerera kumwamba, n'kuona kuchuluka kwa kuwala kumene mpweya wanu wa carbon monoxide wameza panjira. N'chifukwa chake amasunga ola limodzimodzi, kuti inu a lero akufanizireni ndi inu a dzulo.

Ndipotu simumukhumudwitsa. Kuyambira August mpaka October mumadzuka m'mauvuni a njerwa, m'tchire limene anyamata atentha posaka mbewa, ndi kwa owotcha makala. Ndani wina angasenze mitengo ya m'phiri la Michesi kupita nayo kumwamba popanda njinga? Uvuni umodzi mlendoyu sauona, pakuti diso lake limatenga malo oposa makilomita 5 m'litali ndi m'lifupi ngati kadontho kamodzi, ndiye mumayamba mwaitana abale anu a ku Mozambique, amene amalowa opanda pasipoti.

Alipo okunenani. Amayi akuti mumawaliza m'khitchini, a kuchipatala akuti ana akutsokomola chifukwa cha inu. Kusayamikatu kumeneko! Amapirikitsa udzudzu wa ku Chilwa madzulo ndani? Amateteza chimanga cha mbewu kwa anankafumbwe chikapachikidwa pamwamba pa moto ndani? Ngakhale denga mumalipaka mwaye osalipiritsa.

Tsiku limene simukufuna alendo mumangokhala phee kunsi kwa mtambo wa chiperoni, makina okwera mtengo chonchija n'kudutsa pa Boma atangojambula mtambowo.