Alemekezeke Matope a ku Hara

Ikafika Januwale, pa chilumba cha Hokkaido ku Japan pamatera ndege zodzaza ndi anthu a ku Australia, Hong Kong ndi ku Ulaya. Sabwerera maliro, ukwati kapena msonkhano. Amatsatira chipale chofewa chimene chagwa usiku, choyera mbee, chisanapondedwe ndi phazi la munthu. Pa malo otchedwa Niseko chimagwa chochuluka moti cha nyengo imodzi, mutachiunjika, chimayandikira mamita 15. Anthuwa amadzuka kusanache n'kukandandalika pamzere kudikira makina owakweza paphiri, aliyense mtima uli dyokodyoko kuti akhale woyamba kutsetsereka ndi timatabwa take ta kumapazi pamene sipanadutse wina, miyendo ikumira mpaka m'maondo. Ku America, boma la Utah linafika polemba pa manambala a galimoto kuti chipale chawo palibe chofanana nacho pa dziko lonse. Ku Canada, kuyambira 1965 pamene Hans Gmoser anayambitsa malondawa m'mapiri a Bugaboos, mpondamatiki amachita kunyamulidwa pa helikopita kuti akamutule kutchire kumene anzake sangafikeko.

Mwezi womwewo ku Hara, kwa mfumu yaikulu Wasambo, kum'mwera kwa boma la Karonga, nakonso anthu amadzuka kusanache, amamira mpaka m'maondo, ndipo amalimbirana kufika pamene sipanapondedwe. Ndege ayi, helikopita ayi, tikiti ayi. Chawo n'chakuda bii, chofunda, ndipo pakatha miyezi ingapo chimabala mpunga. Komabe mpaka lero palibe galimoto ya nambala ya KA imene inalembedwapo mawu otamanda matope. Mlandu umenewu wakhalitsa pabwalo.

Chipongwe chinayamba ndi makolo. Iwo anati walira mvula walira matope, ngati kuti mvula ndiye mlendo woitanidwa, matope n'kapolo wongotsatira pambuyo. Mwambiwo uyenera kuti unapekedwa ndi wolima chimanga kumtunda. Mlimi wa mpunga akamayang'ana mitambo yochokera kunyanja sakhala akulira mvula ayi, akulira matopewo. Mvula ndi mthenga chabe.

Ndipo matope enieni sabwera okha. Amaphikidwa. Mlimi amayamba wakonza milambala yozungulira ndime yake kuti madzi asathawe, n'kutsegula kangalande kuti alowe. Nthaka ikamwa, zimalowa ng'ombe ziwiri ndi pulawo, pakuti Karonga ndi dziko la ng'ombe zolimira, ndipo wopanda ng'ombe amabwereka kapena kulowamo ndi khasu. Akatembenuza, amaphwanya zibuma, kupondaponda, kusalaza, kufikira ndime yonse italala ngati phala la mwana lokandidwa bwino. Ntchitoyi ili ndi chifukwa chake. Dothi lopondedwa m'madzi limatseka timipata timene madzi akanathawiramo kunka pansi, ndiye ndime imasunga madzi masiku ambiri. Udzu umakwiririka n'kuolera momwemo. Mbande ya milungu itatu kapena inayi yochokera ku nazale imalowa ndi zala zitatu zokha, mizu osaduka.

Otsetsereka pa chipale ali ndi akadaulo awo oyeza. Amati chipale chapamwamba n'chimene madzi ake sakwana magawo 10 pa 100 alionse, chopepuka moti ukachifumbata sichiumbika. Akadaulo a ku Hara sayenda ndi zoyezera, amayeza ndi chidendene. Mayi wowokera akaponda kamodzi wadziwa kale. Akakhala amadzimadzi, mbande zimayandama n'kugona chagada. Akakhala ouma gwa, zikhadabo zimathyoka dzuwa lisanafike pamutu. Abwino ndi aja amati ukazula phazi, dzenje limadzitseka lokha pang'onopang'ono, kumbuyo kukumveka phwata! Matope otere sachedwa kutha mphamvu: pakapita masiku awiri atatu akhazikika, alimba, ndipo wochedwa amawokera akutukwana. N'chifukwa chake m'mawa wa tsiku lowokera mumaona mzere wa amayi atakwinya zitenje, mitolo ya mbande ili mbwee m'ndime, akuyenda chobwerera m'mbuyo msana uli chiweramire. Wa ku Niseko amadzitama kuti watsika phiri m'mphindi zowerengeka. Ayesere kubwerera chambuyo tsiku lathunthu, mizere osakhota.

Malo olemekezeka otere ali ndi mbiri yawo. Sikimu ya Hara ndi imodzi mwa masikimu a mthirira amene boma la Kamuzu Banda linayamba kutsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anzake ndi Wovwe ndi Lufilya m'boma lomwelo la Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Likangala ku Zomba ndi Muona ku Nsanje. Alangizi a ku Taiwan anathandiza pa ulimi wa mpunga m'masikimu a nthawi imeneyo, ndipo a Malawi Young Pioneers ankakhazikitsidwamo ndi kusungitsa mwambo. Amene anaona masiku amenewo amakumbukira kuti kusiya ndime itamera udzu kunali kudziputira mavuto. Apayoniya atalandidwa zida mu Disembala 1993, ndale zitasintha, ngalande zambiri zinayamba kugumuka, ndipo m'kupita kwa nthawi boma linapereka masikimu m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi. Tsono monga ku mapiri a chipale kuli tikiti ndi mzere, kunonso kuli msonkho wa madzi ndi tsiku la munthu aliyense lothirira. Wa kumutu kwa ngalande matope ake amapsa msanga. Wa kumchira amadikira, ndipo kudikirako kukanyanya amanyamula tochi usiku n'kukachotsa chibuma chimene mnzake watseka nacho madzi. M'mawa onse awiri amapatsana moni mwaulemu.

Palinso amene safuna za mzere. Kunja kuja amawalemekeza kwambiri anthu osiya malo okonzedwa n'kulowa m'tchire kukasaka chipale chawochawo. Anzawo a kuno ndi alimi a m'madambo, kunja kwa sikimu, amene ngalande yawo ndi mtambo. Mpunga wambiri wa Karonga umachokera kwa iwowa. Mvula ikachedwa amadzala pa fumbi, ikanyanya mtsinje umasefukira n'kutenga nazale yonse kukatula m'nyanja. Ikagwa mwa muyeso amakolola mpunga wa Kilombero wonunkhira uja umene mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe amasungira alendo.

Ena amanena kuti matope ndi oopsa. Tiyeni tiyerekeze. Chipale chikagumuka paphiri chimakwirira munthu wamoyo, ndipo m'mapiri a Alps mokha chimapha anthu pafupifupi 100 pa chaka. Matope a m'ndime alibe nkhanza zotero. Iwo amangolandira chakhumi: patapata mmodzi, nthawi zonse wa phazi limodzi, kuti winayo atsale chikumbutso. Wovala jombo amatuluka ndi sokosi, jomboyo ili chiimire pakati pa munda. Ndipo salola mlendo kubwerera chimanjamanja. Amam'patsa misundu yoyamwa magazi popanda kulipiritsa, pomwe madokotala ena a ku Ulaya amachita kuiweta ndi kuigula. Amam'patsa zilonda za pakati pa zala ndi zikang'a za kuchidendene. M'madzi odekha a m'ngalande amaweteramo tinkhono tonyamula likodzo, mphatso imene mwana wa sukulu amaizindikira mkodzo ukafiira. Madzulo amatumiza udzudzu kudzaimba. Pa zonsezi alipo amene anamvapo matope akupempha chiphaso kapena inshuwalansi?

Otsutsa adzati matope amakwirira ngalande, alimi n'kumataya masiku akukumba ndi mafosholo. Zoona. Koma matopewo sanadzitume. Amatsika kuchokera m'mapiri a kumunsi kwa Nyika, kumene mitengo ikusanduka makala ndi minda, ndipo amabwera ndi chonde cha eni ake a kumtunda kudzapereka kwa a kuchigwa. Wakuba wogawira osauka sitimutcha wakuba.

Za kutsetsereka kwenikweni, Malawi sanamanidwe. Chipale chofewa kulibe, inde. Pa Nyika, pamene nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600, m'miyezi ya Juni ndi Julaye udzu umadzuka utayera ndi chisanu, koma dzuwa likangotuluka zatha. Wofuna chipale chotsetserekapo m'chigawo chino cha Africa ayenera kupita ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, kumene nthawi zambiri amachita kuchipanga ndi makina chifukwa cha kumwamba sichidalirika. A ku Hara safuna makina. Pang'ono chakum'mwera, pa Chitimba, pamayambira msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, wa makona 20 opindika ngati akufuna kubwerera kumene achokera. Mvula ya Malichi ikaugwira, galimoto imatsika cham'mbali, woyendetsa atagwira chiwongolero chimene chaleka kumumvera, okwera akutchula mayina a Mulungu m'Chitumbuka, m'Chinkhonde ndi m'Chichewa nthawi imodzi. Pa timisewu ta pakati pa minda, wa kabaza amapereka maphunziro omwewo pa mtengo wotsika, ndipo wokwera akagwa khu! m'ngalande amalipirabe ulendo wonse. Ku Colorado tikiti ya tsiku limodzi pa malo otchuka imapitirira madola 200, ndipo mantha ake ndi omwewa.

Chimene chimaposa zonse n'chakuti matope amasunga. Chipale chikaona dzuwa chimasungunuka, mapazi a katswiri uja osaonekanso. Koma pa Uraha, kufupi ndi Chilumba, mtunda wosatopetsa kuchokera ku Hara, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wamakedzana mu 1991. Anachipatsa nambala UR 501, ndipo zaka zake akuti ndi pafupifupi 2.4 miliyoni, chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa anthu. Anachisunga ndani nthawi yonseyo? Matope ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja yakale, zimene zinauma n'kusanduka miyala. M'boma lomweli munafukulidwanso mafupa a chinyama chachikulu chija cha Malawisaurus, chimene chifanizo cha mafupa ake chimaima m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga, yotsegulidwa mu 2004. Alendo amajambula mafupawo, amajambula nyumbayo, koma wosunga katunduyo amamupukuta ku nsapato asanalowe.

Mwina n'chifukwa chake matope anayamba kubwezera mwakachetechete. M'nthaka yomizidwa m'madzi mulibe mpweya wabwino, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zoolera mmenemo timatulutsa mpweya wa methane, umodzi mwa mipweya yotenthetsa dziko. Minda ya mpunga ya pa dziko lonse imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a methane yochokera ku ntchito za anthu. Gawo la Hara pamenepo n'kadontho, poyerekeza ndi minda ya ku China ndi India, kapena ndi utsi wa ndege zopita ku Hokkaido. Komabe nthawi iliyonse imene thovu laphulika pakati pa mapesi a mpunga, mwini hotela wina wa ku Alps amene chipale chikumuthawa chaka ndi chaka ali ndi chifukwa chodera nkhawa. Akatswiri a ulimi akulimbikitsa njira yowokera mbande zanthete, imodziimodzi motalikirana, ndi kumaumitsako ndime nthawi zina, njira imene inayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980 ndi wansembe Henri de Laulanié. Imapulumutsa madzi ndi mbewu, ndipo methane imachepa. Koma nayonso, tsiku lowokera, imagwadira matope.

Chodabwitsa chimabwera pa nthawi yokolola. Mpunga ukamwetedwa, kupunthidwa ndi kupetedwa, m'Meyi ndi Juni, pamsewu wa M1 pamaima magalimoto a mavenda ovala nsapato zoyera. Amagula ndi ndowa zimene zimaoneka kuti zinakula ndi chinyezi, pa mtengo wa nthawi imene aliyense ali ndi ngongole ya aganyu ndi fizi ya sukulu. Mpunga uja ukakwera Chiweta, mtengo umakwera nawo. Pofika mu shopu ya ku Lilongwe kapena Blantyre uli m'pepala la pulasitiki, woyera, wopanda kadontho ka dothi, ndipo phindu limakula molingana ndi kutalika kwa munthu kuchoka pa matope. Amene anamira mpaka m'maondo ndiye amalandira zochepa kuposa onse. Alimi akagwirizana zimasinthako: makopaletivi amene amapuntha ndi kupakira okha mpunga amagulitsa pa mtengo wabwinopo, ndipo alimi a ku Kaporo, kumpoto kwa Karonga, kudzera m'bungwe lawo la KASFA, anafikitsa Kilombero mpaka ku Scotland. Kumeneko bungwe la JTS linkauza masukulu ndi mipingo kuti makilogalamu 90 akagulidwa, mlimi atha kulipirira mwana wake sekondale chaka chimodzi. Scotland ndi dziko limene lili ndi mapiri ake otsetserekapo, monga Cairngorm, ndipo anthu ake akhala akudya zipatso za matope a Karonga pobwera ku chipale chawo.

Tsono a unduna woona zokopa alendo, amene zithunzi zawo zimangokhala za nyanja, mbidzi za pa Nyika ndi nsonga ya Sapitwa, aganizirepo. Malo alipo kale, akatswiri ophunzitsa alipo, ndipo mlendo wolipira kuti awokere ndime ya mwini wake angachepetseko ndalama za ganyu. Inunso owerenga amene mumafuna mpunga wonunkhira pa Khirisimasi, nyengo imatsegulidwa mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale. Mukatsike pa Uliwa, mufunse njira ya kusikimu, nsapato musiye pa mlambala. Pobwerera mudzere kuchipatala akakuyezeni likodzo.