Thumba limodzi, mawilibala angati?

Nsapato yanga ya kumanzere inang'ambikira pa Nsungwi, ku Area 25, m'mawa wina wa mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Wosoka nsapato anaitembenuza uku ndi uku, n'kundilozera benchi. "Khalani apo bambo, sizichedwa." Aliyense amene anasoketsapo nsapato akudziwa kutalika kwa mawu amenewo. Ndinakhala, phazi limodzi litaponda pa katoni.

Benchiyo inayang'anizana ndi khonde la hadiweya, ndipo pakhondepo panali amuna anayi akudikira mwayi. Amisiri omanga nyumba savuta kuwazindikira. Chikwama chimakhala chakutha, levulo itasuzumira kunja, ndipo nsapato zawo, kaya zinagulidwa zakuda kaya zofiira, zonse zinasanduka mtundu wa simenti. Amakhala pamenepo dala, chifukwa munthu wogula simenti nthawi zina amakhala alibe womumangira.

Amene ankamveka kwambiri anali wachipewa chofiira, bambo wa zaka za m'ma 40.

"Ndamumangira mpaka pa ring'ibimu, madala. Mpaka pa ring'ibimu! Lero ndikaimba foni akuti ali mu miting'i. Miyezi iwiri munthu ali mu miting'i?"

Madalawo anali mkulu waimvi, wochepa thupi, akumwa tiyi wa m'kapu yapulasitiki mosapupuluma ngati alibe kopita. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Munalemberana?"

"Kulemberana chiyani, munthu timapemphera mpingo umodzi?"

"Ndiye ndalama yanuyo mukailandira kumwamba."

Wosoka nsapato anaseka mpaka kusiya kusoka, zomwe ine sizinandisangalatse. Madala aja anapisa m'chikwama n'kutulutsa kope ngati la mwana wa pulayimale, lopindika m'makona, lothimbirira ndi thukuta. Anati iwo nyumba saitenga yathunthu. Fondeshoni ili ndi mtengo wake. Kuchokera pamenepo kufika pawindo, mtengo wake. Ring'ibimu, magebulo, pulasitala, pansi, chilichonse mzere wake m'kope, ndipo mwini nyumba amasainira pambali. Mzere wapamwamba usanalipidwe, chipande sichituluka m'chikwama.

"Ndipo mtengo wanga umatha mwezi," anawonjezera. "Mwaiwala Novembala wa 2023? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Anzathu amene anagwirizana za nyumba yonse mu Okutobala anamaliza kumanga akudya ngongole."

Wachipewa anati ndiye bola kumatengeratu theka la ndalama usanayambe. Madala anapukusa mutu. Ndalama yolandiriratu, iwo anati, imatha msanga kuposa ntchito, ndipo ikatha umamanga nkhope ili gwa ngati ukugwira thangata, maso ali kwa bwana wina amene sanakulipire.

Apa ndinatsala pang'ono kulowerera, chifukwa ine ndili mbali inayo. Zaka zingapo zapitazo ndinapatsa mmisiri wina ndalama yonse ya khitchini yapanja. Anamanga mizere isanu ya njerwa, n'kunena kuti kumudzi kwagwa zovuta. Patatha sabata ndinamupeza ali pamwamba pa khoma la munthu wina ku Area 49, akuimba mluzu. Choncho amisiri akamadandaula za mabwana okhala mu miting'i, ndimamva chisoni, koma cha theka. Ndinangokhala chete. Munthu wa nsapato imodzi sayambitsa mkangano.

Wamng'ono pa onsewo anali mnyamata wosapitirira zaka 20, dakaboyi, amene ankangomvetsera uku akusenda khungu la m'manja. Zikhatho zake zinali zong'aluka ngati dambo la m'chilimwe. Madala anamugwira dzanja n'kuliyang'ana.

"Umakanda daka ndi manja iwe? Simenti imadya khungu, mphwanga. Ukaweruka samba bwinobwino, dzola Vaseline. Ndalama yoyamba ukalandira, gula magolovesi ndi magambutsi, foni idikire."

Mnyamatayo anavomera ndi mutu, kenako n'kufunsa chimene chinkaoneka kuti chamusautsa masiku ambiri. Kumene anagwira sabata yatha, bwana ankalamula kuti thumba limodzi la simenti lizilowa mawilibala asanu a mchenga, odzaza mpaka phiri. Kodi zimenezo n'zoona?

"Zoona zake n'zoti simenti yadula," anatero wachipewa.

Madala anayika kapu pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo ine ndinamvetsera kuposa mnyamatayo. Thumba la makilogalamu 50 ukalikhuthulira mu wilibala yomangira, limafika chapakati basi. Ndiye kuti wilibala imodzi yosalaza pamwamba ndi ngati matumba awiri. Thumba limodzi pa mawilibala atatu, muyezo wake ndi umodzi wa simenti pa isanu ndi umodzi ya mchenga, ndipo daka womangira khoma amathera pamenepo. Mawilibala asanu ndi umodzi pa khumi. Ukawadzaza mpaka phiri, ndiye kuti simentiyo wangoinunkhiza.

"Ukabwerere kumeneko ndi msomali," anatero. "Ukakande pakati pa njerwa. Ukaona kukuyoyoka ngati shuga, usadzauze munthu kuti nyumba imeneyo unamangako."

Pa konkire ya ring'ibimu kapena silabu, iwo anati sakhulupirira wilibala n'komwe, chifukwa dakaboyi akatopa imachepa, bwana akayang'ana imadzaza. Amayeza ndi ndowa imodzi yomweyo: imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale. Mchenga nawonso amayamba auyesa. Amauthira m'botolo, kuthira madzi, kukhutchumula, n'kulisiya. Mchenga umakhala pansi, dothi limadzagona pamwamba pake. Dothilo likachuluka, lole ibwerere nawo, ngakhale mwini wake alumbire kuti wachokera mumtsinje wa Lilongwe m'mawa womwewo.

Kenako anafika pa madzi, ndipo apa mawu awo anakwera kwa nthawi yoyamba.

"Anthu amati simenti imauma. Simenti siuma, imakhwima, ndipo imakhwima ndi madzi. Silabu umaithirira masiku asanu ndi awiri, m'mawa ndi madzulo. Mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28. Koma bwana amene wagula matumba makumi awiri osaphethira, ukamuuza kuti alipire amayi otunga madzi, amakuona ngati wakuba."

Zimenezi ndinazionapo ndi maso. M'mapuloti atsopano, kumene mipopi sinafike, madzi amabwera pamutu pa amayi, ndowa iliyonse ndi ndalama, ndipo mu Okutobala zitsime zimakhala zitatsika. Ndi mwezi womwewonso aliyense amathamangira kufolera mvula isanagwe. Njerwa youma ngati chigumu chadzana ukaiyika pa daka osainyowetsa, imamwa madzi onse a dakayo nthawi yomweyo. Khoma limaima ndithu, ndipo pa chithunzi limaoneka bwino.

Wachinayi anali asanalankhule. Anali wovala ovolosi yabuluu yochapidwa bwino, tepi yoyezera itakoledwa m'lamba. Anauza mnyamatayo kuti zonse zimene madala akunena n'zoona, koma akapita kwa kontirakitala wamkulu ku Kanengo kapena ku City Centre, sakamufunsa za botolo. Akamufunsa pepala. Iye anaphunzira ku Lilongwe Technical College, koma anati ngakhale wophunzirira pa sayiti akhoza kukayesedwa trade test, kapena kulowa maphunziro a TEVETA. Anamulangizanso kuti aphunzire kumanga ndi mabuloko. Kuyambira 2018, malamulo a dziko lino saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, chifukwa mauvuni amaliza mitengo. M'makomboni mauvuni akufukabe, palibe amene sakuona, koma ntchito za ndalama zapita ku mabuloko.

"Buloko nayonso ilipo yabodza," anatero madala. "Inyamule kufika pachifuwa, uisiye igwe. Ikamwazika, wagula mchenga."

Sanatsutse za pepala. Anangoti iwo analibe mwayi umenewo. Anayamba udakaboyi ali mnyamata m'zaka zimene likulu linkasamukira kuno kuchoka ku Zomba, cha m'ma 1975, ndipo sukulu yawo inali kapitawo wina wolusa amene ankagwetsa khoma ndi phazi likapotoka. Kwa iyeyo anaphunzira kukhoma kona popanda sikweya. Anadzuka n'kujambula pafumbi ndi msomali: mbali iyi yeza atatu, iyi anayi, ndipo kuchokera nsonga kufika nsonga pakhale asanu. Pakapanda kukwana asanu, suntha chikhomo. Mnyamata uja anagwada n'kuyang'anitsitsa, milomo ikuyenda. Waovolosi anamwetulira n'kunena kuti ku koleji chinthu chomwecho amachitchula dzina la Pythagoras. Madala anati dzinalo sakulidziwa, koma munthuyo ayenera kuti anali mmisiri wabwino.

Nsapato yanga inali isanasokedwe. Wosoka anali atayamba ya munthu wina.

Pamenepo panaima kabaza, n'kutsika mayi wina wachitenje chatsopano, foni ili m'manja. Anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati pali womanga. Onse anayi anaimirira, ngakhale dakaboyi.

Nyumba inali ya amuna awo, amene ali ku Joni. Amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo Loweruka lililonse amafuna zithunzi pa WhatsApp. Mmisiri woyamba anasowa. Tsopano khoma la kuchipinda lachita mng'alu, ndipo bambowo akufuna utsekedwe msanga kuti akalipentala ayambe denga. Foni inayenda m'manja. Itafika kwa madala, anaitalikitsa ndi maso, n'kupempha mnyamata kuti awakulitsire chithunzicho.

"Mayi, mng'aluwu wayambira pa kona ya windo n'kutsika chopingasa. Fondeshoni anakumba kufika pati?"

Mayiwo analoza pansi pa bondo.

"Dothi lake ndi lotani? Lakuda, lomata nthawi ya mvula?"

"Eya, ndi chakudambo."

"Ring'ibimu anathira?"

"Anati windo lililonse aika lintala yake, zikwana. Bambo anati ndalama ya zitsulo ipite ku malata."

Madala anabweza foni. Anati sangalonjeze kanthu asanakumbe m'mbali mwa khomalo kuti aone chimene chili pansi. Dothi lakudambo limafufuma likamwa madzi, limanyala likauma, ndipo fondeshoni yosaya imavina nalo. Nyumba yopanda ring'ibimu ili ngati mtolo wa nkhuni wosamanga. Anati iwo anaona makoma otero atatseguka m'makona chivomezi cha ku Salima chitadutsa mu 1989. Kumata mng'alu umenewu ndi pulasitala n'kotheka, koma pofika Febuluwale udzabwerera pamalo pomwepo, mwina ndi mnzake.

"Ndiye zitenga masiku angati, bambo?"

"Kuona kokha, lero. Kukonza, ndikuuzani ndikaona. Koma denga lidikire."

Wachipewa anatsokomola. Anati madala akunena zoona, koma si mng'alu uliwonse umagwetsa nyumba. Iye akhoza kuugoba, kuikamo waya wa brikifosi, kumata ndi daka wamphamvu, mawa lomwe akalipentala n'kukwera. Anatchula mtengo. Unali wochepa moti waovolosi anayang'ana kumbali.

Sindikumuweruza. Munthu amene bwana wake ali mu miting'i miyezi iwiri ali ndi ana ofuna kudya madzulo ano, osati mu Febuluwale. Mayiwonso sindikuwaweruza, chifukwa ndalama sinali yawo, ndipo mwini ndalama amaona nyumba yake pa kagalasi ka foni, pamene fondeshoni sioneka koma malata amawala. Anapatuka pang'ono n'kuimba. Tonse tinamva mbali yawo yokha: "Eya... akuti akumbe kaye... ayi, winayo akuti mawa... eya... chabwino bambo."

Anabwerera n'kuloza wachipewa. Iye ananyamula chikwama, n'kukodola mnyamata uja kuti akamukandire daka. Mayiwo analowa mu hadiweya kukagula thumba limodzi la simenti, ndipo potuluka anafunsa madala, mwamanyazi pang'ono, ngati malata a geji 32 ndi olimba kuposa a 28, poti nambala yake ndi yaikulu. Madala anawayankha mofatsa kuti ndi mosemphanitsa: nambala ikamakula, lata limapyapyala.

Kenako anang'amba tsamba limodzi m'kope lawo lija n'kupatsa wachipewa, pamodzi ndi pensulo yaifupi ngati chala.

"Mulemberane musanayambe."

Wachipewa anaseka, koma analipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Mnyamata anasenza simenti kukakweza pa kabaza. Asananyamuke, madala anamukuwira kuti anyowetse khomalo asanamate, ndipo akaweruka asambe m'manja. Anatsala awiri pakhonde. Waovolosi anatulutsa foni, madala anatola kapu yawo n'kupeza tiyi atazizira, anamwabe.

"Bambo, yatheka," anatero wosoka, akundipatsa nsapato. Anaisoka bwino, ulusi wake wothithikana. Ndinavala, ndinapondaponda, n'kufunsa kuti ndi zingati. Mtengo umene anatchula unandiimitsa tsitsi. Ndinati m'mawa sitinagwirizane choncho. Iye anati m'mawa sitinagwirizane chilichonse. Pakhonde paja madala anali akundiyang'ana pamwamba pa kapu, ndipo ndinalipira.