Ndalama zomwe zapita pa chitedze cha bambo a ana

Sopo wamtanda, woti asambe atakhudzana ndi chitedze kumunda wa nandolo: K2,500. Anangowonjezera kukanda.

Piriton wa 4 mg, timapiritsi khumi, pa golosale ya pa Nkando: K1,500. Kuyabwa kunachepa. Bambo anagona kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa m'khola.

Chipepeso kwa anzathu a nyumba yotsatira, poti mbuzi inadya mpiru wawo woiyang'anira ali m'tulo: K6,000. Ndalemba pa mankhwala, osati pa ziweto.

Chlorphenamine wa 4 mg, yemweyo wa mu Piriton, wopanda dzina lotchuka, m'kapepala kapulasitiki: K600. Bambo anati wotchipayu ndi ufa wa chinangwa woumba. Anamwa monyinyirika, nagona mofanana ndi tsiku lija. Mbuzi tinaimangirira.

Mayunitsi oimbira mlamu wanga amene akuphunzira za mankhwala ku KUHeS, ku Blantyre, kuti atiweruze: K2,000. Iye anati kuyerekeza mankhwala awiri sikuchitika poona amene wawodzera msanga. Amatenga anthu athanzi, kuwamwetsa mtundu woyamba, n'kumawatenga magazi maola angapo motsatizana. Amadikira masiku kuti mankhwalawo atheretu m'thupi, kenako n'kuwamwetsa wachiwiri, magazi n'kutengedwanso. Kuchuluka kwa mankhwala m'magazi, komanso pomwe afika pachimake, kukagwera pakati pa 80 ndi 125 peresenti ya mnzakeyo, ndiye kuti ndi amodzi, kaya paketi ikongole bwanji. Anatinso mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kulembetsedwa ku PMRA, ndipo ndisamagule ongoyalidwa padzuwa pamsika. Mayunitsi anatha asanamalize.

Bambo atamva zotengedwa magazi: K0. Anati nkhaniyi ithere pomwepo.

Minibasi yopita ku Limbe pamsewu wa Midima, kupita ndi kubwera, kukafuna mankhwala osagonetsa: K10,000. Chipisi podikira kuti idzaze: K2,000.

Cetirizine wa 10 mg, kamodzi patsiku, ku famase: K3,000. Tulo tinachepa. Bambo anati mankhwala osagwetsa munthu sakugwira ntchito, koma ankanena izi osakanda.

Cetirizine wamadzi, botolo limodzi, chifukwa Agogo mapiritsi amawakakamira pakhosi: K5,500. Wa ku famase anati 5 ml ili ndi 5 mg, tiyeze ndi kasupuni ka m'bokosi, osati supuni ya phala. Agogo sanakhudze chitedze. Anangoti popeza mankhwala alowa m'nyumba, nawonso thupi likuwayabwa.

Kasupuni kaja, katasowa: K0. Kanapezeka mu shuga.

Waganyu wosadza chitedze chonse m'malire mwa munda: K4,000. Piriton wake, atamaliza: wotchipa uja, timapiritsi titatu totsala.

Zonse pamodzi: K37,100, kuphatikiza mbuzi.