Njinga yoyeza ngati suti

Loweruka lapitali njinga yanga inathyoka khosi ndikutsetsereka ku Kawale. Ndinaikankha mpaka ku Mchesi, kwa mmisiri wanga wa pansi pa mtengo wa mango. Mdalayo anayang'ana mng'alu wa pa felemu, n'kudzikanda kumutu ndi sipanala. "Apa tawotcherera kale kawiri, bambo. Musankhe, mukagule yatsopano ku Malangalanga kapena ndikumangireni ine."

Ndisanatsegule pakamwa panatulukira munthu atanyamula njinga paphewa. Kabudula wake anali womata thupi ngati wochita kupaka, chisoti ngati chigoba cha kamba, mimba ili patsogolo kulambula njira. Nsapato zake zinali ndi zitsulo kunsi, moti ankayenda kho! kho! kho! ngati bakha woponda phulusa lamoto. Atavula magalasi ndinamuzindikira. Tinali limodzi ku sekondale, ndipo masamu ankakopera kwa ine asanapite ku Birmingham kukakhala zaka khumi.

"Achimwene," anatero atamva nkhani yanga, "njinga sagula ngati tomato. Njinga amayeza."

Ndiye poti kuyezako! Akuti mmisiri wa ku England anamuvula nsapato, n'kumuimiritsa kukhoma, n'kumupanitsa buku pakati pa miyendo, n'kulikankhira m'mwamba mpaka maso anatuzuka. Anamuyeza mwendo, mkono, mapewa, msana, n'kumuuza awerame agwire zala zakumapazi. Pamenepa ndinayang'ana mimba ija koma ndinadziletsa. Anafunsidwanso za nyamakazi ndi bondo limene limayamba kulira kukazizira, mafunso amene ine ngakhale kuchipatala sanandifunsepo. Kenako anadikira chaka ndi miyezi iwiri, nthawi yoti mayi n'kutenga pakati, kuchira, mwana n'kuyamba kukhala pansi.

Chitsulo cha njinga yake akuti ndi Reynolds 853, cha kampani ya ku Birmingham komweko imene inatchuka ndi chitsulo cha 531 kuyambira 1935. Mapaipi ake ndi okhuthala kumapeto kokha, pakati ndi opyapyala osafika ngakhale milimita imodzi. Anandiuza ndigogode ndi chikhadabo. Chinalira kuti ngwee. "Mwamva?" Ine chimene ndinkamva inali njala.

Ndinaizungulira njingayo kufuna poyamikira. Kaliyala palibe. Madigadi, belu, sitandi, zonse palibe. Matayala owonda ngati chala cha mwana. Chishalo chake ndiye musanene. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu kalumoko amachita kukhalira.

"Nanga kuchigayo thumba mumaika pati?"

"Iyi si ya kuchigayo."

"Alamu mumawakweza pati?"

"Ali ndi galimoto yawo."

"Ndiye imapita kuti?"

"Imazungulira."

Kuzungulira! Munthu wamkulu, wa ana ku yunivesite, kupalasa makilomita 60 n'kubwerera pomwe wachokera manja lende, wopanda ndi mtolo wa nkhuni womwe. Kwathu munthu wotero timamufunira wina womuperekeza.

Ndipo achuluka masiku ano. Lamlungu m'mawa kawaoneni ku bypass, ali ndondondo ngati linthumbu, maso onse ali ku kawotchi kowerenga kugunda kwa mtima. Njinga zawo sizifika pamenepo zokha. Zimachita kukwera galimoto, padenga, ngati mkwatibwi. Amati akufuna thukuta, thukuta lomweli limene wamakala wochokera ku Dzalanyama amalitaya laulere kusanache. Akafika pa maloboti nsapato zija zimakanirira ku mapedulo, bwana n'kugwa chammbali pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa, kenako n'kudzuka akuyang'ana tcheni ngati ndiye wolakwa. Zimenezi n'zoseketsa. Chosaseketsa ndi Lolemba. Munthu yemweyu akakhala pa chiwongolero, magalasi atatseka, amatiimbira hutala ife apanjinga mpaka tigwere mu ngalande. Lamlungu njinga ndi thanzi ndi kuteteza chilengedwe. Lolemba njinga ndi umphawi umene ukumuchedwetsa ku msonkhano. Ine ndagwerapo kawiri mu ngalande za mu mzinda muno, ndipo palibe anatsika kudzandiyeza bondo.

Mtima utatsika ndinaganiza za njinga za m'sitolo. Hero imachokera ku Ludhiana, ku India, kumene akhala akuzipanga kuyambira 1956. Phoenix ndi ya ku Shanghai. Zonsezi zinatengera Raleigh ndi Humber za ku England zimene agogo athu ankabwera nazo kuchokera ku Joni, zakuda, zolemera, za matayala a mainchesi 28 ndi mabuleki a waya wolimba. Palibe amene anayezedwa. Tonse tinaphunzirira ya bambo, mwendo titaupisa kunsi kwa mtanda, thupi lili pambali ngati nkhanu. Njinga siinkayeza munthu, munthu ndiye ankakula mpaka aikwane.

Komatu ya m'sitoloyo siitha sabata ili momwe yabwerera. Ukangolipira umapita nayo kwa mmisiri kuti akunge masipoko ndi kuika girisi, ndipo ukafika kumeneko ndiye basi. Mdala wanga nayenso amayeza, kungoti tepi yake ndi funso limodzi: "Matumba angati?" Ukati awiri, amachotsa kaliyala ya kufakitale n'kuwotcherera ya zitsulo zomangira nyumba. Ukati atatu, amawonjezera nsichi ziwiri ku foloko ndi masipoko onenepa. Ukati ndi ya kabaza, pamabwera khushoni ya mphonje, popondera, pogwirira, kalilole, ndi vesi kumbuyo. Opanga njinga za Buffalo amanyadira kuti kaliyala yawo imasenza makilogalamu 100. Ku Mchesi umenewo ndi moni chabe.

Ndinamuuza mdala andimangire. Anafunsa ngati mayi akunyumba amakwera. Ndinati eya. Anandiyang'ana kanthawi, poti amawadziwa, n'kulemba pa katoni kuti matumba atatu.

Nthawi yonseyi mnzanga uja anali asananene chimene chamubweretsa. Kunali kuphwa kwa tayala, minga ya pa msewu wa ku Biwi. Mdala anatenga mpope, koma valavu yake inali yowonda ngati udzu, mpope n'kumangopumira pambali. Chubu cha saizi imeneyo mu Mchesi monse munalibe. Mdala anagogodanso felemu ija, n'kupukusa mutu. "Iyi ikadzathyoka musadzabwere nayo kuno, bwana. Moto wanga ungoiboola ngati pepala."

Tinamuitanira wakabaza. Bwana anakwera pa khushoni ya mphonje, nsapato zikutereka pa zopondera, njinga yoyeza ija ili paphewa. Mnyamata wakabaza anati awonjezere ya katundu.

"Katundu wake uti? Njinga iyi ndi makilogalamu 9 okha!"

Mnyamatayo anatembenuka, n'kuyang'ana tayala lake lakumbuyo limene linali litaphwatalala pansi. "Njingayo ndiye ikwera ulere, bwana."