Nsato ya ku Sumatra Singaukwanitse Moyo wa ku Nangongwe

Masiku ano foni ikutiphunzitsa kusirira zinthu zimene agogo athu ankazithawa. Mukangotsegula Facebook kapena TikTok mupeza mnyamata wa ku America atanyamula kanjoka kofiira, konenepa, kamchira waufupi, akukasisita uku akumwetulira. Ogulitsa amakatchula blood python, akatswiri amati Python brongersmai polemekeza Leo Brongersma wa ku Netherlands, ndipo kwawo ndi kumadambo ndi m'minda ya kanjedza wa mafuta ku Sumatra, Malaysia ndi Thailand. Poti ife a m'komboni ya Nangongwe kuno ku Kafue sitikonda kutsalira, tsiku lina wina adzaganiza zoitanitsa kake. Ine amene ndimalumpha ndikaona chingwe choyanikira zovala chitagwa pansi madzulo ndinayenera kukhala womaliza kutsegula pakamwa pa nkhaniyi. Koma wamantha amamudziwa bwino mdani wake kuposa wolimba mtima, ndipo kudziwa kwangako kwandifikitsa pa mfundo yochititsa manyazi: mutatitsekera m'chipinda chimodzi, ine ndi kanjokako, woyamba kufa ndi kanjokako, chifukwa moyo umene kamafuna ine mwini wake sindinaulawepo.

Ndivomere kaye kuti pongomva, chiwetochi chikuoneka kuti anachilengera munthu wa thumba lobooka. Nsato ilibe ululu. Siuwa usiku, siba ndiwo za aneba, sifuna kuyendetsedwa. Ikadali yaing'ono imadya kamodzi pa sabata, ikakula imatha milungu iwiri kapena itatu osafunsa kanthu. Oisunga amachitira umboni kuti mtundu umenewu umatha milungu yambiri, nthawi zina miyezi, osachita chimbudzi, ndipo m'komboni mmene mabanja angapo amadikirirana pakhomo la chimbudzi chimodzi m'mawa, mlendo wotere eni nyumba ayenera kumuchotserako lendi. Kamwana kake sikafuna malo aakulu, kamachita nawo mantha. Kamakhutira ndi kabokosi ka pulasitiki kobooledwa kuti mpweya uzilowa, pepala pansi, pobisala, ndi mbale ya madzi oyera. Kamaluma kakadzidzimuka, koma kakazolowera dzanja lofatsa kamaleka. Cholengedwa chokhutira ndi chipinda chimodzi, chodya mwa apo ndi apo, cholusa pokhapokha chikaopsezedwa, ameneyo ndi mnzanga weniweni, ndipo ndikanakhala ndi mtima ndikanamutcha mphwanga.

Ubale umathera pa kutentha. Njoka sidzipangira kutentha m'thupi, imadalira malo amene ili, ndipo iyi inazolowera dziko limene kulibe June. Bokosi lake liyenera kukhala pa madigiri 26 mpaka 28 usana ndi usiku, mbali imodzi yofundirako pang'ono, chinyezi cha mumpweya chili pa 60 kapena 70 peresenti. Kukazizira, chakudya sichigayika m'mimba, imasanza, kenako imadwala chifuwa. Kukauma, chikopa chimakanirira pofundula. Kuno ku Kafue usiku wa June ndi July umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mu September mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika. Ndiye kuti pafunika chotenthetsera cha magetsi, chokhala ndi kachipangizo kozimitsa kutentha kukapitirira, ndipo malaiti asathime. Pamenepa aliyense wa ku Zambia aseke kaye. Tili pafupi ndi Kafue Gorge, kumene kuli malo awiri opangira magetsi, akale a mamegawati 990 ndi atsopano a 750, koma chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba panali masiku amene nyumba zinkakhala mumdima maola oposa 20. Anthu tinapirira poti tili ndi mabulangete ndi pakamwa podandaulira. Nsato ilibe zonse ziwiri.

Wina anena kuti mbaula ilipo. Ilipodi, koma mbaula imatentha kwambiri poyamba n'kuzizira mbandakucha, nthawi imene kuzizira kumafika pachimake, ndipo imaumitsa mpweya umene njokayo ikufuna uli wonyowa. Komanso makala oyaka m'chipinda chotseka amapha anthu chaka ndi chaka nyengo yozizira. Ndiye taganizirani bambo wa ana anayi akudzuka usiku kukupizira moto njoka, zenera lili lotsegula, ana akunjenjemera. Wina anena za sola ndi batire. Zoona, zimatheka, koma munthu wa mtundu wanga amene amakatchajitsa foni kometera tsitsi sangayambe ndi kugulira njoka batire. Amayi a kunyumba angafunse funso limodzi lokha, ndipo yankho lake kulibe.

Nkhani ya chakudya ndiye imandikhudza mumtima. Nsatoyi imadya mbewa ndi makoswe. Kwawo ku Sumatra imachuluka m'minda ya kanjedza chifukwa cha makoswe omwewo. Apa otsutsa amakondwa: makoswe ku Nangongwe ndi aulere, ali kudenga, ali kumsika, ali m'ngalande. Koma khoswe wa m'komboni ndi wodutsa m'zambiri. M'mimba mwake muli njoka zakezake, mwinanso wadya mankhwala amene aneba anathira dzulo, ndipo ukamuponya wamoyo m'bokosi amatha kuluma nsato yosafuna kudya n'kuisiya ndi mabala. Osunga njoka enieni amaweta makoswe awo aukhondo, kapena amagula ophedwa kale, owumitsidwa mufiriji, n'kumawasungunula m'madzi ofunda tsiku lodyetsa. Sankhani nokha pamenepo. Kapena muyambe kuweta makoswe ndi kuwagulira gaga m'nyumba imene mwakhala mukulimbana nawo moyo wanu wonse, kapena muike thumba la makoswe akufa mufiriji pambali pa nsomba za ku mtsinje wa Kafue, firiji yomwe ija yodalira malaiti omwe aja. Ndipo ife amene makolo athu anachokera ku Chipata, Katete ndi Petauke tili ndi vuto lina. Mbewa ndi ndiwo. Kutenga mbewa yonona, yoti ikanawambidwa ndi kamchere, n'kuipereka ndi manja awiri kwa mlendo wa ku Asia, iwe n'kukakhala pansi kudyera nsima masoya, kumeneko ndi kudzichepetsa kumene ngakhale abusa sanatilalikirepo. Ikadya, malangizo amati isakhudzidwe masiku awiri kuti igaye mwamtendere. Ine chibadwire palibe anandipatsapo masiku awiri ogayira chakudya.

Tiyerekeze kuti magetsi mwawapeza, makoswe mwaweta. Atsala aneba, ndipo khoma la m'komboni lili ndi makutu kuposa foni. Nsato imafuna bata, mdima ndi kubisika, ndipo imadya bwino kukada. Tsono werengani zimenezi ndi maso a mayi wa khomo loyandikana nalo: bambo uja ali ndi bokosi limene salola ana kuyandikira, muli njoka yofiira, amaidyetsa usiku, amailankhula motsitsa mawu. Palibe wa ku Zambia amene angafune kuuzidwa kawiri kuti ameneyo ndi ilomba, njoka ya ufiti. Mwana wa wina akangotsokomola, mlandu ndi wanu. Kantemba kanu kakagulitsa bwino mwezi umodzi, umboni wakwana. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mawindo atasweka kale. Odziwa mbiri adzanditsutsa kuti makolo athu ankailemekeza njoka, ndipo akunena zoona. Ku Msinja, kwa Makewana, kunali njoka yotchedwa Thunga, ndipo ku Khulubvi, ku Nsanje, amati Mbona amabwera m'maonekedwe a nsato. Koma njoka zimenezo zinali za mtundu wonse, zokhudza mvula ya aliyense, ndipo zinali ndi nkhalango ndi madziwe awoawo. Palibe amene anali ndi lisiti lake, palibe anaziika pansi pa bedi. Njoka ya anthu onse inkabweretsa mvula, koma ya munthu mmodzi imabweretsa msonkhano kwa atcheyamani.

Pali ochenjera ena amene angati, bwanji kuvutika ndi ya kunja pamene m'mabango a mtsinje wa Kafue muli nsato zathu, zozolowera June wathu? Yathuyi, Python natalensis, imakula kupitirira mamita anayi ndipo imameza mbuzi, pamene ya ku Sumatra imathera pafupifupi mita imodzi ndi theka ngakhale imalemera zedi. Kamwana kamene mwatola lero kadzafuna chipinda chanu chonse. Ndiponso kali ndi mayi ake: Graham Alexander wa pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg anaonetsa mu 2018 kuti nsato yaikazi imeneyi imafungatira mazira, ndipo ana akaswa imakhala nawo pafupifupi milungu iwiri. Wopita kukatola ayambe watsanzika kunyumba. Kuwonjezera apo, lamulo la nyama zakutchire la 2015 sililola munthu kusunga nyama yotere popanda chilolezo, ndipo likulu la nthambi yoona za nyamazi lili ku Chilanga, pa msewu womwewu wopita ku Lusaka, moti ogwira ntchito ake sangachedwe kufika. Ya kunjayo nayonso ili pansi pa pangano la CITES, imayenda ndi mapepala otulukira kwawo ndi olowera kuno. Njoka yokhala ndi zikalata zambiri kuposa mwini wake imandichititsa nsanje. Ndipo imakhala zaka zoposa 20. Ndani wa ife akudziwa nyumba imene adzakhale akuchita lendi chaka chamawa? Ku Florida anthu otopa ndi nsato za ku Burma anazitaya kuthengo, zinaswana m'madambo a Everglades, ndipo zatha tinyama tambiri ta kumeneko. Kuno ya ku Sumatra siingafike patali. June woyamba angaimalize, ngati khasu la aneba silinayambe.

Chitsutso chomaliza ndi chimene chimandibaya: akuti zonsezi ndi mantha atavala jekete. Sindikana. Munthu wa sola yokwanira, mpanda wautali, chilolezo m'manja ndi dokotala wa zinyama wodziwa njoka angathe kuisunga bwino nsatoyi, azisamba m'manja akaigwira poti zokwawa zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba, ndipo ndilibe naye mlandu. Kungoti munthu ameneyo sakhala mu mzere wathu wa nyumba. Ife otsalafe, chilakolako chikakula, tingakwere basi ya ku Lusaka n'kukafika ku Kalimba Reptile Park, kumene nsato zili kuseri kwa galasi ndipo makoswe ake amagula ndi ena. Mukadzapitako ndi ana anu mudzaone bambo wina ataima patali, pafupi ndi geti, akufotokoza molimba mtima za madigiri ndi chinyezi, nsapato atamanga zolimba. Mudzandipatse moni, koma musadzandigwire paphewa modzidzimutsa.